Fujifilm X100VI kapena Sony RX100 VII: iti yoyenera dzuwa ndi fumbi la m'chigwa cha Shire?

Munthu akatopa ndi zithunzi za pafoni, koma sakufuna kusenza chikamera chachikulu chosintha malenzi, kufufuza kwake kumakonda kukathera pa mayina awiri: Fujifilm X100VI ndi Sony RX100 VII. Makamera onsewa ndi aang'ono, onse ndi odula zedi, ndipo ambiri owayamikira ndi anthu a kumayiko ozizira omwe sanaimepo pamsika wa ng'ombe ku Ngabu masana a mwezi wa Okutobala. Ine ndimakhala ku Nchalo. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi ntchito za m'minda, ndipo makamera awiriwa ndinawagwira masiku okwanira kuti ndidziwe khalidwe la kamera iliyonse. Zimandipweteka kuona munthu atakhuthula ndalama zoti akanagula ng'ombe zingapo, n'kutenga chipangizo chosagwirizana ndi ntchito yake.

Pa awiriwa palibe kamera yoipa. Kusiyana kwawo kwagona pa lenzi. Ya Fujifilm lenzi yake ndi yokhazikika, siyandikitsa chinthu. Ukachifuna pafupi, uyende ndi miyendo yako. Ya Sony ili ndi zumu, imakoka chinthu chakutali n'kuchibweretsa pamaso pako. Zina zonse zomwe tikambe pano, mdima, fumbi, ngakhale zaka zomwe kamerayo ingakhale ndi moyo, zikuchokera pa kusiyana kumeneku.

Muyeso womwe ndikugwiritsa ntchito

Choyamba ndi mtunda. Dzifunseni moona mtima kuti zomwe muzijambula kawirikawiri muzikhala nazo patali bwanji. Mayi amene akuthyola thonje mutha kuwapatsa moni, kupempha chilolezo, n'kuima nawo pafupi. Mvuu ya mu Shire simungaiyandikire chotero. Ku Majete mumakhala m'galimoto, ndipo njovu ikaima kutsidya kwa mtsinje ndiye kuti yaima komweko. Wojambula anthu ndi wojambula nyama safuna lenzi yofanana, ndipo pa makamera awiriwa lenzi sichoka. Imene mwagula nayo ndi imene mudzakhale nayo mpaka kamerayo idzathe.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo kuno tili ndi mavuto awiri otsutsana. Masana dzuwa limaswa mtengo, sikirini ya kumbuyo kwa kamera imangooneka bii, moti kamera yopanda kazenera koikapo diso, kamene ojambula amati viewfinder, imakusiyani mukungoganizira zomwe mukujambula kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 3 koloko. Awiriwa onse ali nako kazeneraka. N'chifukwa chake sindinaikemo Ricoh GR III, ngakhale ndi kamera yabwino ya gulu lomweli: ilibe kazenera. Vuto linalo ndi mdima, m'tchalitchi cha mazenera aang'ono, kapena madzulo pachinkhoswe magetsi atazima. Pamenepo zomwe zimalamula ndi kukula kwa sensa, kachipangizo ka m'kati komwe kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi, ndi kutseguka kwa lenzi.

Chachitatu ndi kutentha. Makampani onse awiri amalemba kuti makamera awo azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa 40 pamthunzi pomwe. Ndiye kuti miyezi imeneyi tonse timagwiritsa ntchito zipangizozi kupyola malire omwe eni ake anaika. Pa zithunzi wamba mumadutsa bwinobwino, koma pa vidiyo yaitali nkhani imakhala ina.

Chachinayi ndi fumbi ndi madzi, ndipo ichi ndinachiphunzira ndi misozi. Kamera yanga yoyamba inali yaing'ono, yazumu, ya mtundu wina wosiyana ndi awa. Tsiku lina ndinakwera nayo njinga yamoto mumsewu wa ku East Bank, kuchoka pa Thabwa kupita ku Fatima, ili pakhosi osaiphimba. Pobwera, chithunzi chilichonse chokhala ndi thambo chinali ndi kadontho kakuda pamalo amodzimodzi. Fumbi linali litalowa mpaka pa sensa. Kamera yosintha malenzi mumachotsa lenzi n'kupukuta, koma ya lenzi yosachoka ndi yofunika kuimasula yonse. Kadontho kameneko ndinakhala nako zaka, ndikukafufuta pakompyuta chithunzi ndi chithunzi. Za madzi sindifunika kukumbutsa aliyense amene anaona kusefukira kwa 2015, namondwe wa Ana mu 2022, ndi Freddy mu 2023.

Chomaliza ndi batire ndi kulemera. Magetsi akazima tsiku lonse, kamera yoti mutha kuichaja pa pawabanki kapena pa sola ndiyo imakupulumutsani. Ndipo kamera yomwe mumaisiya kunyumba chifukwa ikulemetsa, ngakhale ikhale yabwino motani, sijambula kanthu.

FUJIFILM X100VI

Inatuluka mu Febuluwale 2024, ndipo ndi yachisanu ndi chimodzi pa mndandanda womwe unayamba ndi X100 mu 2011. Sensa yake ndi ya mtundu wa APS-C, ya mamegapikiselo 40. Lenzi ndi ya 23mm f/2 (nambala ya f ikachepa, lenzi imatseguka kwambiri n'kulowetsa kuwala kochuluka), yomwe imaona ngati lenzi ya 35mm pa makamera akale a filimu: munthu wathunthu ndi malo omwe waima, kapena banja la anthu asanu ndi atatu mutabwerera m'mbuyo pang'ono. Imalemera magalamu 521 pamodzi ndi batire ndi khadi. M'thumba la malaya siingalowe, choncho izikhala pakhosi kapena m'kachikwama.

Pali zinthu zitatu mwa kamera iyi zomwe zimaoneka ngati anapangira dzuwa lathu. M'kati mwa lenzi muli fyuluta yochepetsa kuwala, yotchedwa ND, yomwe mumangoiyatsa ndi batani, ndipo imalola kutsegula lenzi kwambiri masana kuti kumbuyo kwa munthu kufewe. Shata yake, kachitseko kotseguka ndi kutseka pojambula, ili m'lenzi momwemo, ndi yachete moti m'tchalitchi saimva, komanso imalola kuwombera fulashi dzuwa likuwala. Ichi ndimachikonda kwambiri. Mlimi akavala chipewa masana, nkhope yake imabisika mumthunzi pamene munda wonse ukunyezimira. Kafulashi kochepa kamabweza maso ndi masaya a munthuyo osaononga thambo. Chachitatu, sensa imadzichirikiza yokha manja akanjenjemera, ndiye madzulo mutha kujambula popanda choikapo kamera, bola munthuyo asasunthe.

Mitundu yake imatuluka yokoma kuchokera m'kamera momwemo, zomwe n'zofunika pamene akuchimuna ndi akuchikazi akufuna zithunzi pa WhatsApp usiku womwewo. Koma yesani kaye pakhungu lathu. Kamerayi imakupatsani kaonekedwe ka mitundu kosiyanasiyana koti musankhepo, ndipo kwa ine, Classic Chrome ndi Classic Negative zimadetsa mithunzi ya pankhope mopyola muyeso. Provia, Astia ndi Reala Ace ndizo zimasunga khungu lakuda monga lilili.

Mtengo. Potuluka inali madola 1,599 a ku America. Sindiika mtengo wa kwacha pano chifukwa ungakunamizeni mawa. Mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dziwani chabe kuti tikukamba za mamiliyoni, ndipo mtengo wa pabokosi si wonse. Onjezerani msonkho wa MRA ikamalowa m'dziko, mphete yachitsulo ya AR-X100 ndi fyuluta yoteteza ya PRF-49, batire lachiwiri, chaja yapadera popeza m'bokosi mumabwera chingwe cha USB chokha, ndi memore khadi. Palinso mtengo wobisika: zithunzi za mamegapikiselo 40 ndi zolemera, makamaka za RAW, zosungidwa zosaphika kuti mukazikonze pakompyuta. Zimadzaza khadi msanga, zimafooketsa laputopu yakale, ndipo kuzitumiza zonse monga zilili kumadya bandulo.

Kupezeka kwake. Apa ndiye pali chipsinjo. Yomwe inatsogola, X100V, inatchuka pa TikTok mpaka kusowa m'masitolo, ndipo X100VI itatuluka anthu anachita kulembetsa mayina n'kudikira miyezi, ena n'kumaigulitsanso pamtengo woposa wa kusitolo. Njira yodalirika kwa ife ndi m'bale kapena mnzanu amene ali ku Johannesburg, ku UK kapena kwina kulikonse, akagule kusitolo yodziwika, asunge risiti. Mukaona wina pa Facebook akuti ali nayo yatsopano pamtengo wotsika kuposa wa kusitolo, ndipo akufuna mutumize kaye ndalama pafoni, kumbukirani chikomekome cha nkuyu. Kamera yosowa padziko lonse siingatchipe mwadzidzidzi kwa inu nokha.

Kasamalidwe. Thupi la kamera iyi analimata kuti fumbi ndi madontho a mvula zisalowe, koma kutsogolo kwa lenzi n'kosamatidwa mpaka mutaika mphete ija ndi fyuluta ya 49mm. Kuno kuchigwa musaione ngati chokongoletsera: iikeni tsiku loyamba ndipo musaichotse. Ikatero, iyi ndiyo kamera yokhayo pa ziwirizi yomwe ndingalimbe nayo mtima kamvulumvulu akadzuka pabwalo la mpira kapena mvula ikayamba kuwaza paukwati. Kumatidwa kumeneku si chilolezo choiviika m'madzi. Bwato likagudubuzika yapita. Batire lake ndi NP-W126S, lomwe limalowanso m'makamera ena ambiri a Fujifilm monga X-T3 ndi X-T30. Limakupatsani zithunzi zoposa 300, ndipo popeza kazenera koikapo diso kali ndi njira ziwiri, ya galasi wamba ndi ya kasikirini ka magetsi, zimachulukirapo mukamagwiritsa ntchito ya galasiyo. Imachajidwa pa USB-C, chingwe chomwecho cha mafoni a masiku ano.

Zoopsa. Chachikulu ndi kukhumudwa. Anthu amaigula chifukwa cha kukongola kwake, kenako amapita nayo ku Lengwe n'kupeza kuti nyala yomwe anaiona bwinobwino ndi maso yasanduka kachidontho pakati pa tchire. Kamerayi imatha kudula chithunzi kuti chioneke chokokedwa pafupi ngati cha lenzi ya 50mm kapena 70mm, koma pa 70mm mumatsala ndi mamegapikiselo pafupifupi 10, ndipo 70mm si kanthu kwa nyama. Chachiwiri, ili ndi malo a khadi imodzi yokha. Wojambula ukwati amadziwa tanthauzo lake: khadi ikafa, tsiku la anthu lapita, ndipo ukwati subwerezedwa. Vidiyo imajambula yapamwamba, mpaka 6.2K, koma thupi ndi laling'ono, kutentha kulibe kothawira, ndipo kamera ikatentha kwambiri imadzizimitsa. Musaiwerengere kuti ijambula ulaliki wonse masana a Novembala. Komanso imaoneka yodula ngakhale kwa munthu wosadziwa makamera, ndipo popeza imakhala pakhosi, aliyense amaiona m'minibasi ndi pamsika.

SONY RX100 VII

Iyi ndi yakale poyerekeza ndi inzake: inatuluka mu 2019. Sensa yake ndi yomwe amati ya inchi imodzi, ya mamegapikiselo 20, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sensa ya Fujifilm ija. Lenzi ndiyo nkhani yonse: imachoka pa 24mm, pomwe mutha kulowetsa munda wonse wa nzimbe ndi mapiri a ku Thyolo kumbuyo, mpaka 200mm, pomwe mutu wa mvuu umadzaza chithunzi. Zonsezi zili m'kabokosi ka magalamu 302 komwe kamalowa m'thumba la buluku. Kazenera koikapo diso kamabisika m'thupi, mumakatulutsa mukakafuna. Ndi kakang'ono, ovala magalasi amavutika nako pang'ono, koma padzuwa kamagwira ntchito yake.

Chomwe chinandigwira mtima pa kamera iyi ndi liwiro. Imatsata diso la munthu ngakhale akuyenda, imazindikiranso maso a nyama pojambula zithunzi, ndipo imatha kuwombera zithunzi 20 pa sekondi imodzi. Ovina utse akatembenuka, mwana akathamangira mpira, kakowa akanyamuka m'bango la ku Elephant Marsh, imagwira pomwe chala chanu chikanachedwa. Pa kutsata chinthu choyenda, kwa ine imaposa ya Fujifilm ngakhale ndi yakale ndi zaka zisanu. Sikirini yake imatembenukira kutsogolo kuti mudzijambule nokha, ndipo ili ndi polowetsa maikolofoni pa 3.5mm, pomwe maikolofoni ambiri otchipa amakwana. Ya Fujifilm polowetsa pake ndi pa 2.5mm, pofunika kachilumikizo kena.

Malipiro a zumu imeneyi ndi mdima. Lenzi imayamba pa f/2.8 ndipo ikakoka patali imatsekeka kufika f/4.5. Phatikizani ndi sensa yaing'ono, mupeza kuti dzuwa likangolowa zithunzi zimayamba kuchita mchenga, ndipo nkhope zimataya kusalala. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyama zimakonda kubwera padziwe m'bandakucha ndi chamadzulo, nthawi yomwe kamera iyi ili yofooka. Ku Lengwe, komwe nyala zimakonda m'zitsamba zowirira, muyenera kudekha mpaka itulukire poyera.

Mtengo. Inayamba pa madola pafupifupi 1,200, ndipo ngakhale papita zaka sinatsike monga munthu angaganizire, chifukwa makamera aang'ono a zumu yotere ndi ochepa. Zoonjezera zake ndi zotchipirapo: mabatire awiri, chaja, khadi, ndi kogwirira komata ka AG-R2, komwe ndimati n'kofunika chifukwa thupi lake ndi loterera ndipo manja athu kuno sauma thukuta. Zithunzi zake ndi zopepuka, laputopu wamba imazinyamula. Msonkho ndi womwewo.

Kupezeka kwake. Popeza yakhala pamsika zaka zambiri, zogwiritsidwapo kale ntchito zilipo zochuluka, ndipo apa ndi pomwe mungapulumutse ndalama kapena kuzitaya. Safunsa anadya phula. Musanalipire, iyatseni ndi kuizimitsa kangapo, mumvetsere ngati lenzi ikutuluka ndi kubwerera mosalala, popanda kukhukhuta kapena kuima panjira. Kenako itsekeni pa f/11, muikokere patali, mujambule thambo loyera kapena khoma loyera, n'kukulitsa chithunzicho. Ngati muli madontho, fumbi linalowa kale. Yang'anitsitsaninso nambala: RX100 ilipo ya mibadwo yambiri yooneka mofanana. Ya III, IV ndi V zumu yake imathera pa 70mm, koma lenzi yake ndi yowala, f/1.8 mpaka f/2.8. Ya VI ili ndi zumu yofika 200mm ngati VII koma ilibe polowetsa maikolofoni. Wogulitsa akangoti "RX100" musavomere msanga.

Kasamalidwe. Batire lake, NP-BX1, ndi laling'ono, ndipo muyeso wa kampani ndi zithunzi pafupifupi 260. Mukamakoka zumu pafupipafupi ndi kujambula vidiyo, limatha musanadye nsima ya masana. Ubwino wake ndi wakuti batire limeneli lili m'makamera ambiri a Sony kuyambira 2012, choncho silivuta kupeza, ndipo atatu amatenga malo ofanana ndi timabokosi tiwiri ta machesi. Polowetsa chingwe ndi pa Micro USB, pa mafoni akale paja, ndiye sungani chingwe chake padera, ndipo yesani pamaso pa wogulitsa ngati ikuchajika pa pawabanki yanu. Lenzi ilibe mazinga omangirapo fyuluta. Ilibenso ND m'kati. Chitetezo chake chonse ndi inu: kachikwama kotseka bwino, ndi chizolowezi choizimitsa lenzi ibwerere musanakwere njinga kapena galimoto lina lisanakudutseni mumsewu wafumbi.

Zoopsa. Walira mvula walira matope. Kamera iyi siinamatidwe konse, ndipo lenzi yake imatuluka ndi kubwerera nthawi iliyonse mukaiyatsa kapena kukoka zumu. Timachubu timeneti tikamayenda timakoka mpweya, ndipo mpweya wa kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndi fumbi lokhalokha. Kamchenga kamodzi kolowa pakati pa timachubu tingathe kuimitsa lenzi, ndipo kamera ikagwa lenzi ili panja nthawi zambiri imakhala yatha. Fulashi yake ndi yofooka ndipo ilibe poikapo fulashi yaikulu, pamene ya Fujifilm ili napo. Pa vidiyo ya 4K, monga imabwerera kufakitale, imadula pakatha mphindi pafupifupi zisanu pokhapokha mutasintha malire a kutentha m'menyu, ndipo ngakhale mutasintha, dzuwa la Nsanje silikusiyani mupite patali. Za mbalame zing'onozing'ono musadzinamize: 200mm imakwanira njovu, mvuu, ng'ona ili pamchenga ndi mbalame zikuluzikulu, koma timba wa pansonga ya mtengo amafuna lenzi yotalika kuwirikiza kawiri kapena katatu.

Zokhudza onse awiri

Kamera iliyonse mwa izi ikawonongeka m'kati, konzekani kuitumiza kunja, kawirikawiri ku South Africa kapena kudziko komwe inagulidwa, ndipo waranti nthawi zambiri imagwira ntchito kudera lomwe munagulako. Anyamata okonza mafoni m'misika yathu ndi aluso ndithu, koma lenzi ya kamera ili ndi magalasi oyalidwa mwa muyeso wosaoneka ndi maso, ndipo ikamasulidwa popanda zida zake sibwerera mwakale. Choncho funsani za waranti musanatumize ndalama, ndipo lembani nambala ya kunsi kwa kamera musunge pamodzi ndi risiti.

M'dzinja mdani ndi chinyezi. Kamera ikakhala m'chikwama chotseka milungu ingapo, chuku chimamera pagalasi la m'kati ngati ulusi wa kangaude. Isungeni m'kabokosi ka pulasitiki kotseka mpweya, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muziitulutsa kuigwiritsa ntchito. Amene amagwira ntchito m'maofesi oziziritsidwa ndi makina, musatuluke nayo panja n'kuiyatsa nthawi yomweyo. Isiyeni m'chikwama ifunde kaye, apo ayi galasi lichita nthunzi. Musaisiye m'galimoto lotseka mazenera, ngakhale kwa theka la ola. Fumbi la pagalasi muzilipemerera ndi kampira kouzira mphepo musanapukute, chifukwa kupukuta ndi malaya kumachititsa fumbilo kukanda galasi.

Iti ndi ya yani

Ngati ndalama zanu kapena chimwemwe chanu chili pa anthu, tengani Fujifilm. Ndikunena wojambula zinkhoswe ndi maubatizo, wogwira ntchito zachitukuko amene amalowa m'nyumba za anthu ndi m'makalasi amdima, wolemba nkhani amene amakhala ndi asodzi a ku Bangula mpaka madzulo, kholo lofuna zithunzi za ana zomwe zidzakhalebe zokongola zikadzasindikizidwa zazikulu. Kamera iyi imakukakamizani kuyandikira, ndipo kuyandikira kumafuna moni ndi chilolezo, makamaka pamaliro, pagule ndi pamalo a miyambo pomwe eni ake ndiwo amanena ngati kujambula n'kololedwa. Koma ngati maukwati ndiwo ntchito yodyera, isakhale kamera yanu yokhayo. Lenzi imodzi ndi khadi imodzi sizikwana pamene mkwati ali kuguwa inu muli kukhomo.

Ngati mumapita ku Majete, ku Lengwe kapena ku Mwabvi kangapo pachaka, kapena mumaperekeza alendo pabwato, tengani Sony, ndipo muvomereze mumtima kuti zithunzi zanu zabwino zizichokera pakati pa kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Chimodzimodzi mlangizi wa zaulimi amene m'mawa akujambula mbozi patsamba la chimanga, masana ngalande yothirira kuchokera patali, madzulo kavidiyo ka mlimi akufotokoza. Kwa iye kamera yolowa m'thumba ndi yokoka patali ndiyo ya phindu, ndipo thumbalo ndilo limaitetezanso ku fumbi.

Amene ntchito yake ndi ya panjinga yamoto m'misewu yafumbi tsiku ndi tsiku, kapena amayenda m'madera osefukira nthawi ya mvula, ndingamulangize Fujifilm yokhala ndi fyuluta, ngakhale atasowa zumu. Ndikudziwa kuti ndi ndalama zambiri kuposa inayo, koma kadontho kanga kaja ndikukakumbukirabe.

Wofuna vidiyo yaitali, misonkhano, maulaliki, masewero a mpira athunthu, asagule iliyonse mwa izi. Afune kamera yopangidwira vidiyo.

Ngati mtima uli pa Fujifilm koma thumba likukana, X100V kapena X100F yogwiritsidwapo kale ntchito ili ndi lenzi ya 23mm f/2 ndi kazenera ka mtundu womwewo. Dziwani chabe kuti zonse ziwiri zilibe chochirikiza sensa, ndipo X100F siinamatidwe. Ngati mukufuna kuchepa thupi kwa Sony koma zithunzi zanu zambiri ndi za m'nyumba, RX100 V ya lenzi yowala ija ikuthandizani kuposa VII, ndipo ili ndi ND m'kati.

Amene mukukayikabe, chitani ichi musanatume aliyense kusitolo. Tsegulani zithunzi 200 zomaliza za m'foni mwanu, muwerenge kuti ndi zingati zomwe munachita kutambasula zala pasikirini kuti mukoke chinthu chakutali, ndi zingati zomwe zinaipa chifukwa cha mdima. Zokoka zikachuluka, uzani m'bale wanu wa ku Joni akafunse za Sony. Zamdima zikachuluka, akalembetse dzina pa Fujifilm, ndipo asabwere nayo popanda mphete ndi fyuluta.